Ndikongoletse bwanji pabalaza ndi nsalu zathu pa Khirisimasi ino?

Amake Tamanda, Kapata:
Moni nonse. Apongozi anga aakazi ndi alamu anga akubwera kudzadya nafe Khirisimasi, ndipo akhala mpaka Chaka Chatsopano. Balaza lathu ndi laling'ono: mipando itatu yakhofi yomwe yayamba kusuluka, katebulo, pansi simenti yofiira yapolishi. Tamanda wandionetsa zithunzi za pa Pinterest, tsamba la pa intaneti, nyumba za ku Ulaya zodzaza mabulangete aubweya, zikopa za nkhosa pansi, moto ukuyaka. Kwawoko Disembala ndi mwezi wa chisanu, pomwe kuno ku Chipata ndi mvula, matope ndi thukuta, choncho sindingatengere zonsezo. Chimene chandigwira mtima ndi choti mlendo akakhala m'chipinda chotero safuna kunyamuka. Timapepala tonyezimira ndi maluwa apulasitiki ndatopa nazo. Ndikufuna chitenje, mkeka, zoluka. Ndili ndi zitenje zinayi zosavala m'sutikesi. Ndiyambire pati, ndipo ndi ziti zomwe zimapirira chinyezi cha dzinja?

Anaphiri, telala wa ku Saturday Market:
Amake Tamanda, zitenje zinayizo musaziike zonse pabalaza limodzi, maso a mlendo asowa popumira. Sankhani chimodzi chamaluwa akuluakulu, chikhale mwini nyumba. Zinazo zidikire. Pa mipando yakhofi chimakhala bwino chokhala ndi chikasu, chofiirira ngati dothi la katondo, kapena chobiriwira chakuda. Za chipani ndi za msonkhano wa mpingo zisiyeni, simudziwa kuti alamuwo mtima wawo uli kuti.

Musanadule, chichapeni. Chitenje chathonje chimabwera chouma gwa ndi sitachi, ndipo chimafupika pang'ono chikalowa m'madzi koyamba. Mukasoka musanachape, pilo sadzalowanso. Nyowetsaninso ngodya imodzi ndi kupukutira pa kansalu koyera. Kakatenga mtundu, chitenje chimenecho chidzadetsa malaya a alendo akatuluka thukuta, chiikeni pakhoma osati pampando. Zoterera zija za poliyesitala zimanyezimira bwino pamsika koma zimamata pathupi kukatentha.

Chitenje chimodzi cha mamita awiri chimatulutsa zovundikira mapilo zinayi. Mumadula mizere inayi ya masentimita 48 chopingasa, mzere uliwonse n'kuupinda kuti nsonga zake zisanjikizane kumbuyo. Zipi safunika, ndipo kuvula kukachapa n'kosavuta. Pa mipando penipenipo yalani nsalu yathonje yopanda maluwa, yoyererako, kuti ibise kusulukako ndi kulola mapilowo kuoneka. Ku masitolo a Down Shops kuno ku Chipata imapezeka pa mita. Tizidutswa totsala musataye, lumikizani kakhale kansalu kakatali kodutsa pakati pa tebulo.

Chomaliza, ndipo ichi ndimauza aliyense: nsalu iliyonse yomwe mwayanika panja nyengo ino muisite mbali zonse. Pali ntchentche ina yomwe imaikira mazira pa nsalu yonyowa, ndipo mphutsi zake zimalowa pakhungu, makamaka la ana. Pilo amene mwana agonerapo tsaya ndi chimodzimodzi chovala.

Bambo Sakala, Katete:
Anaphiri anena za mipando, ine ndinene zapansi. Kapeti m'dzinja ayi. Amamwa chinyezi, pakatha sabata pansi pake pachita nkhungu ndipo nyumba yonse imanunkha. Gulani mkeka wamlaza, ndi wofewa kuposa mphasa yabango ndipo supweteka ana akakhalapo. Mphasa ndi yabwino pakhonde. Mkekawo muziupinda m'mawa pokolopa, dzuwa likatuluka muuyanike pang'ono, ndipo muziyang'ana ngati chiswe sichinayambe kumanga m'mphepete mwa khoma. Pakhomo ikani saka lopinda kawiri lopondapo matope.

Pakhoma, malichero atatu osiyana kukula amakwana. Anthu akumudzi amabwera nawo pa njinga, musawanenerere kwambiri, kung'amba nsungwi ndi kuluka lichero limodzi ndi ntchito yodya masiku.

Mabulangete aubweya mwawaonawo dikirani Juni ndi Julaye. Mukagula a salaula, achapeni ndi madzi otentha ndi kuwayanika padzuwa lamphamvu chifukwa cha nsikidzi.

Amake Yamikani, Mfuwe:
Kuno ku Mfuwe kuli a Tribal Textiles, anayamba mu 1991 pafupi ndi nkhalango yosungirako nyama ya South Luangwa. Amapanga zovundikira mapilo, nsalu za patebulo ndi zopachika pakhoma, zonse zojambula pamanja. Mitengo ndi yokwererapo poti ndi ntchito yamanja, koma njira yake mungaiyese kunyumba. Amasakaniza fulawa ndi madzi, n'kujambula mizere ndi phalalo pa nsalu yathonje. Likauma padzuwa amapaka utoto wa nsalu m'mipatamo, n'kutenthetsa nsaluyo mu uvuni kuti utoto ugwire, kenako amachapa ndi kupala phalalo. Pomwe panali phala pamatsala mizere yoyera. Kunyumba botolo lokhala ndi kabowo pachitsekero limagwira ntchito, ndipo simbi yotentha imalowa m'malo mwa uvuni. Vuto ndi dzuwa. Disembala phala limachedwa kuuma ndipo likhoza kuchita nkhungu, ndiye yambani ndi kansalu kakang'ono tsiku lomwe kwacha bwino.

Agogo aNgozo, Mchini:
Mwanawe, zonsezi n'zabwino, koma ndikutsutsako pang'ono. Tinsalu toluka toyera tija timaika pamsana pa mipando usatichotse poganiza kuti n'tachikale. Amayi a msinkhu wathu akalowa m'nyumba amayang'ana timeneto kuti adziwe ngati mkazi wapakhomo amasamala. Ngati pali kamene apongozi akowo anakulukira, kakhale poonekera. Mkeka ugule waukulu ndithu, chifukwa mwina iwo sakhala pampando mwana wawo ndi alendo aamuna ali pomwepo, afuna pansi potambasula miyendo. Uwasungirenso chitenje chimodzi mwa zinayizo, chatsopano, chowapatsa ponyamuka.

Magetsi akazima, kandulo isayandikire makatani kapena malicherowo. Uike m'botolo kapena m'mbale yadothi pakati pa tebulo.

Amake Tamanda, Kapata:
Zikomo nonse. Agogo, tinsaluto tilipo, ndipo tiwiri analuka ndi apongozi omwewo paukwati wathu, ndititulutsa. Chitenje chabuluu ndawasungira. Ndayesa ngodya monga mwanenera Anaphiri: chachikasu sichikutaya mtundu, ndiye cha mapilo, koma chofiira chadetsa kansalu, chipita pakhoma pamwamba pa wailesi. Mkeka ndikayang'ana Loweruka ku msika wa Kapata. Amake Yamikani, Tamanda akufuna kuyesa zojambulazo pa nsalu ya patebulo sukulu ikatsekera. Phalalo likhale lolimba bwanji kuti lisayenderere, ndipo utoto wa nsalu umapezeka kuno ku Chipata kapena tiitanitse ku Lusaka?