Ndikuphunzira coding kuti ndisinthe ntchito, koma cholinga changa sichikuoneka bwino

Moni nonse. Ndikupempha nzeru, makamaka kwa inu amene munasintha ntchito mutakula kale.

Ndimagwira ntchito ya maakaunti, ndipo madzulo ndikaweruka ndimachita kosi ya coding, kulemba mapulogalamu a pakompyuta. HTML ndi CSS, zopangira maonekedwe a webusaiti, sizinandivute. JavaScript, yoyendetsera zochitika pa webusaiti, ndiye ikundikhetsa thukuta, makamaka zija za async ndi ma promise (zoti pulogalamu izipitiriza ntchito zina podikira yankho), koma imeneyo ndithana nayo pang'onopang'ono.

Chandiimitsa mutu n'china. Aphunzitsi atiuza kuti aliyense alembe zolinga zake, ndipo ine ndikulephera kudziyankha: kodi ndikufunadi kupanga mawebusaiti, kapena ndangotopa ndi ntchito yanga? Kosi yathu ikuthamangira ku React, chida cha JavaScript chopangira mawebusaiti, pomwe ine mtima umakhala m'malo ndikagwira SQL ndi Python, zimene zimathandiza kusanthula manambala. Kusanja manambala, kulumikiza matebulo, kufufuza pamene pasokonekera, zonsezi ndimazichita kale pa Excel, kungoti kuno zikuyenda mwachangu. Anzanga ena akuti ndikungothawira ku zimene ndinazolowera. Ine sindikugwirizana nawo kwenikweni, luso la zaka zonsezi ndingolitaya basi?

Ndiye ndithandizeni. Ndimalize kaye kosiyi mmene ilili, kapena nditembenukire ku data analysis, ntchito yosanthula manambala, panopa? Pa GitHub, webusaiti imene anthu amaikapo ntchito zawo za coding, ndiike timaprojekiti tonse ta m'kalasi, kapena imodzi yokha yokhudza maakaunti imene ndingaifotokoze bwino pa intavyu? Komanso inu munaona chiyani kuti mutsimikize kuti nthawi yosiya ntchito yakale yakwana?