Kodi inu mukamaganiza mumamva mawu kapena mumaona zithunzi mmutu?

Wakabaza wa ku Mpondasi

Abale ndithandizeni, nkhaniyi yandisowetsa tulo kuyambira Lamulungu. Tinali pakhonde ndi achemwali anga tikukumbuka malemu mayi athu, anatisiya zaka zitatu zapitazo, nde iwo akuti akangotsinzina amawaona bwinobwino atakhala pamkeka akusankha mpunga, mpaka duku lawo lobiriwira lija komanso mpata wa mmano. Ine ndinatsinzina nane koma mdima okhaokha. Ndikudziwa kuti anali afupi, anali ndi chipsera padzanja lamanja, koma ndikungodziwa basi, kuwaona ayi. Moyo wanga onse anthu akamati "ndikumuona mmaso mwangamu" ine ndimayesa ndi kayankhulidwe chabe. Mmutu mwanga mumangokhala mawu ngati wailesi yosathimitsa, ndikamapalasa kuchoka pa boma kuoloka mlatho wa Bakili Muluzi kupita tsidya ndimakhala ndikudziyankhulira chamumtima njira yonse, zandalama, za fizi ya mwana, zonse mmawu. Kodi ndi matenda? Kapena mayi anga sindinkawakonda mokwanira?

Telala wa ku Namwera

Pepani achimwene ndi imfa ya mayi, ndipo zoti simunkawakonda zo musazinenenso, munthu osawakonda sangasowe tulo chonchi. Ine ndi wa zithunzi ngati achemwali anuwo. Kasitomala akabwera ndi chitenje, asanamalize nkomwe kufotokoza ine ndaiona kale diresi ili pathupi pake, ndimatha kuitembenuza mmutu kuona kumbuyo komwe zipi ikhale, maluwa a nsalu akumana pati. Vuto langa ndi loti akandifunsa kuti musoka bwanji mawu amandithawa, ndimangotenga choko nkujambula. Ndimayesa aliyense ali chonchi, lero ndadabwa nanu.

Mphunzitsi ku Malindi

Achimwene khazikani mtima pansi, simuli nokha ndipo nkhaniyi ndi yakale. Mu 1880 mzungu wina wa ku England dzina lake Francis Galton anafunsa anthu kuti akumbukire tebulo lomwe anadyerapo mmawa nkufotokoza momwe likuonekera mmutu mwawo. Ena anati likuoneka ngati lili pamaso pawo, ena mwachimbuuzi, koma ena kuphatikizapo anzake asayansi anati sakuona kalikonse ndipo iwonso ankayesa ndi kayankhulidwe chabe, ndendende zomwe mwanenazi. Dzina loti aphantasia, kutanthauza kusaona zithunzi mmutu, linabwera mu 2015 kuchokera kwa dokotala wa za ubongo Adam Zeman wa pa yunivesite ya Exeter. Iyeyu anayamba ndi bambo wina yemwe anasiya kuona zithunzi mmutu atathandizidwa mitsempha ya mtima kuchipatala, nkhani itamveka anthu ambiri anamulembera kuti ife tinabadwa choncho. Kafukufuku wina anapeza kuti ndi anthu pafupifupi 4 pa 100 aliwonse, nde mminibasi ziwiri zodzadza simungasowe mnzanu. Ngati mwakhala chonchi chibadwire si matenda. Chomwe ndingati muthamangire nacho kuchipatala ndi ngati munkaona kenako zasiya mwadzidzidzi.

Za wailesi yanuyo ndimaziona tsiku ndi tsiku kwa ana aang'ono, mwana akamaumba ng'ombe yadothi amadziyankhulira mokweza, "ndiike nyanga apa, ayi yathyoka", akamakula mawu aja amalowa mkati. Anazifotokoza kale Lev Vygotsky wa ku Russia yemwe anamwalira mu 1934, ndipo ine ndimakhulupirira kuti analondola chifukwa ndaonera ana ambirimbiri akudutsa momwemo.

Che Dala wa pa Makawa

Aphunzitsi ine apa ndikutsutsaniko pang'ono. Kuona chithunzi ndi kukumbuka chabe, kuganiza kwenikweni kumafuna mawu, nanga mlandu wa munda kwa amfumu mungauweruze ndi zithunzi? Funso lomwe limandivuta ine ndi loti mawuwo ndi a chiyankhulo chanji. Kunyumba tinakulira Chiyao, nde ndikakwiya kapena ndikamaganiza za makolo mmutu mumabwera Chiyao, ndikamaganiza za geni ya usipa ndi Chichewa, ndalama ndimawerenga mu Chingerezi, koma mwera ukatipeza pakati panyanja zomwe zimabwera zokha ndi zija tinaloweza ku madrasa mu Chiarabu. Munthu mmodzi yemweyo.

Mphunzitsi ku Malindi

Che Dala za ziyankhulozo ndavomera, inenso zimandichitikira. Koma zoti popanda mawu palibe kuganiza ayi. Russell Hurlburt wa ku yunivesite ya Nevada ku Las Vegas wakhala akupatsa anthu kachipangizo kolira nthawi iliyonse mosayembekezera, kakalira munthu amalemba zomwe zinali mmutu mwake mphindi imeneyo. Anapeza kuti ena amadziyankhulira pafupifupi nthawi zonse, ena sadziyankhulira nkomwe, ndipo pali maganizo ena omwe alibe mawu alibenso chithunzi koma munthu akudziwa bwino chomwe akuganiza. Chomwe chimandigwira mtima nchoti ambiri omwe ankalumbira kuti amaganiza mmawu tsiku lonse anadabwa okha ataona zomwe analemba.

Mai a Shakira

Che Dala kaonereni akuluakulu akusewera bawo pansi pa mtengo wa mango. Malume anga amayang'ana mabowo aja kamphindi nkudziwiratu komwe nkhomo zikathere atazungulira kawiri katatu, ndinawafunsapo ngati amawerenga chamumtima anati ayi dzanja limadziwa lokha. Komanso ndili ndi mng'ono wanga osamva chibadwire, sanamvepo liwu ngakhale limodzi koma nzeru zake pa masamu ife tonse mnyumba sitimufika. Anaphunzira chiyankhulo chamanja kusukulu, ndipo akakhala yekha akuganiza mozama zala zake zimagwedezeka pang'onopang'ono pamwendo, nthawi zina ngakhale ali mtulo. Mukati kuganiza ndi mawu okha ndie kuti mwamusiya kunja mwana ameneyu, ine zimandiwawa.

Achimwene a kabaza ndikufunseni, nanga kutulo mumalota zooneka?

Wakabaza wa ku Mpondasi

Zikomo nonse, aphunzitsi mwandimasula kwambiri. Mai a Shakira eya kutulo ndimaona, mayi ndinawalotapo kawiri nkhope yawo ikuoneka bwinobwino, koma ndikangodzuka imachoka sindingaibwezenso ngakhale ndiyesetse bwanji. Chomwe ndazindikira usiku wathawu nchoti mawu awo ndili nawo. Ndikakhala phee ndimawamva momwe ankandiitanira kuchokera kudambo, momwe ankakokera dzina langa kumapeto, mpaka kaseko kawo akamandidzudzula mu Chiyao. Ndawaimbira achemwali mmawa uno kuwafunsa ngati iwo amawamva, akuti mawu anayamba kuwathawa chaka chatha ndipo analira pafoni. Tagwirizana kuti Lachisanu tikachoka ku mzikiti ndipita kwao, iwo azikandifotokozera nkhope ine ndizikawayeseza mayankhulidwe. Pali kachithunzi kamodzi kamene mayi anajambulitsa pa ukwati wa msuweni wathu, kayamba kufufuma mmbali, alipo akudziwa malo pa boma pano omwe angakakonze nkukakulitsa osakaononga?