Ndiwafunse bwanji amalume za usilikali wawo tili pa ulendo?

Abale, ndithandizeni maganizo. Sabata yamawa ndikuyenda ndi amalume pa galimoto, ulendo wa masiku awiri, tili awiriwiri basi. Iwo anagwira usilikali zaka 22, ndipo anapitako kukasungitsa mtendere pansi pa United Nations, kuja amavala zipewa zabuluu. Koma simungawamve akudzitama, olo pang'ono. Mamendulo awo ndinawapeza mwangozi m'chitini cha mabatani, atakulungidwa m'sokosi yakutha. Nditawafunsa anangoti, "Iwe, inali ntchito chabe," n'kuyamba nkhani ya mvula.

Chikundiopsa n'chakuti pa ulendo wina tayala la lole linaphulika pafupi nafe, amalume anangoti duu kwa nthawi yaitali, manja akunjenjemera. Ndinasowa chonena. Sindikufuna kutokosa chilonda, komanso akukalamba, ndipo ana anga adzafuna kudziwa zomwe agogo awo anachitira dziko.

Ndiye ndiyambitse ndine nkhaniyi, kapena ndidikire aiyambe okha? Kupempha kuti ndijambule mawu awo pa foni si mwano? Makamaka inu amene munakhalapo asilikali, ndi mafunso ati amene amakunyansani tikamakufunsani ife anthu wamba?