Kodi n'koyenera kulipira wojambula wodula kuti akwere nafe phiri la Mulanje pa ukwati wathu?

Mkwatibwi wa ku Chilomoni:
Moni nonse a pagulu lino. Ndabwera kudzapempha nzeru pa nkhani imene yatisowetsa tulo ine ndi bwenzi langa kwa milungu itatu tsopano. Ife tinadziwana pa ulendo wokwera phiri la Mulanje, panjira yochokera ku Likhubula kupita ku Chambe, ndipo kuyambira pamenepo takhala tikubwererako chaka ndi chaka, moti titagwirizana zomanga banja tonse tinalakalaka kuti zithunzi za chitomero ndi za ukwati wathu zikajambulidwe komweko. Tapeza wojambula amene wavomera kukwera nafe, kugona nafe paphiri masiku awiri, ndi kutijambula kuyambira pa Dziwe la Nkhalamba mpaka pa nyumba yogona ya Chisepo, ndipo nyengo ikalola, mpaka pamwamba pa Sapitwa, nsonga yayitali kwambiri ya phirili. Koma watitchulira K2.5 miliyoni, pamene amene anajambula ukwati wa mkulu wanga mu holo ku Limbe akuti angatichitire pa K800,000. Kodi kusiyana kumeneku kuli ndi chifukwa chomveka, kapena tikufuna kumwaza ndalama imene ikanatigulira mipando ya m'nyumba?

Azakhali a ku Ndirande:
Mwanangu, ine ndisanafike pa za ndalama, ndiyambe ndakufunsani kuti m'zithunzi zimenezo mudzakhala ndani. Ukwati kwathu kuno si wa anthu awiri okha. Pa chinkhoswe pamakhala amalume a mbali zonse ziwiri akupatsana tambala ndi msoti, pamakhala khasu, nkhwangwa ndi lichero, pamakhalanso agogo anu amene anakuberekani kumsana, ndipo palibe mmodzi wa anthu amenewa amene angakwere Sapitwa. Alubamu ya ukwati wanga ndimaitsegula mpaka lero, ndipo chimene ndimayang'anamo si diresi kapena maluwa, koma nkhope ya malemu mayi anga akuvina pa perekaniperekani atamanga chitenje m'chiuno, thukuta lili kamukamu. Phiri lija mudzalipeza pomwepo ngakhale patapita zaka makumi asanu, koma agogo anu simudzawapeza. Ine ndikuti ndalama yotereyi pa zithunzi zopanda abale ndi yochuluka.

Wojambula wa ku Zomba:
Ndineneretu kuti ntchito yanga ndi yomweyi ya kamera, choncho muyeze mawu anga mukudziwa zimenezo, ngakhale kuti amene mwamupezayo sindikumudziwa. Achemwali, mitengo iwiriyo siyoyenera kuyerekezedwa, chifukwa mukugula zinthu ziwiri zosiyana. Wa mu holo amafika m'mawa pa galimoto, magetsi ali pafupi, kuwala kwa m'chipinda amakudziwa, ndipo madzulo ali kwawo. Wa paphiri akukugulitsani masiku atatu kapena anayi a ntchito, kuwerengera ulendo wopita ndi wobwerera, ndipo masiku amenewo akadatha kujambula ukwati wina m'tauni.

Taganizirani katundu yekha. Munthu wodziwa ntchito sakwera ndi kamera imodzi, pakuti ikagwa pathanthwe kapena ikalowa madzi palibe sitolo yothamangirako. Amanyamula makamera awiri, magalasi ake awiri kapena atatu, miyendo yoimikira kamera, ndi mabatire ambiri, chifukwa nyumba zogona za paphiri monga Chambe, Lichenya, Thuchila ndi Chisepo si malo odalira kuti mukatchaja zinthu, komanso batire limatha msanga kukazizira. Ine ndimagona nawo mabatire m'thumba la jekete kuti afunde. Zonsezi zimafuna womunyamulira, amene ayenera kulipidwa ndi kudyetsedwa. Kenako pali nthawi yojambula. Kuwala kokoma paphiri kumakhalapo kanthawi kochepa dzuwa likamatuluka ndi likamalowa, ndipo masana dzuwa lili paliwombo nkhope zimadetsedwa ndi mithunzi m'maso, diresi loyera n'kumathobwa. Ndiye kuti wojambulayo adzakudzutsani kusanache, mudzavala velo manja akunjenjemera, ndipo iye ayenera kukhala atadziwiratu thanthwe limene mukaimepo. Akatsika amakhalanso masiku angapo pa kompyuta akusankha ndi kukonza zithunzi. Kwa ine mtengowo si wodabwitsa. Funso langa n'lakuti munthuyo anakwerapo Mulanje ndi kamera, kapena akufuna kukaphunzirira pa inu?

Wolondolera alendo wa ku Likhubula:
Zikomo bambo a ku Zomba pofunsa funso limenelo, pakuti ife amene timakhala m'munsi mwa phirili taona anthu akubwera ndi zida zodula koma mapapo ndi mawondo osakonzeka. Achemwali, simunatiuze mwezi, ndipo nkhani yonseyi yagona pa mwezi. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumagwa chiperoni, chimene chimatha kukuta phiri lonse masiku awiri kapena atatu, moti munthu amene ali mamita khumi patsogolo panu simumuona. Mukhoza kulipira ndalama zonsezo n'kutsika ndi zithunzi za chifunga chokhachokha. Seputembala ndi Okutobala mvula kulibe, koma utsi wa moto wolusa umaphimba zigwa, ndipo minda ya tiyi imene mukufuna kuti ioneke kumbuyo kwanu imangooneka mbuu. M'dzinja miyala imaterera ndipo mitsinje imadzaza mwadzidzidzi. Ine ndimakonda kumapeto kwa Epulo ndi kumayambiriro kwa Meyi, mvula itangoleka, udzu ukadali wobiriwira ndiponso mathithi ali ndi madzi ambiri.

Za Sapitwa ndilankhule mosabisa. Nsongayo ndi yotalika mamita 3,002, ndipo kuchokera pa Chisepo njira yake si yoyenda chabe: pali malo okwawa ndi manja pathanthwe lotsetsereka, ndi ena opanikizika pakati pa miyala pamene chikwama chimavulidwa kaye. Diresi la ukwati silingavalidwe panjira imeneyo. Liyenera kukulungidwa m'pulasitiki, kunyamulidwa, ndi kukavalidwa pamwamba, mphepo ikuomba. Mu Julaye 2009 mlendo wina wa ku Brazil anamwalira ndi kuzizira kumeneko atapitiriza ulendo yekha popanda womulondolera. Wojambula wabwino ndi amene adzamvera wolondolera akanena kuti lero tibwerere, osati woumirira kuti chithunzi chimodzi chokha. Kumbukiraninso kuti kwa anthu a kuno phirili ndi malo a mizimu ya makolo, ndipo n'chifukwa chake mu 2025 bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wa malo a chikhalidwe ofunika padziko lonse. Pa Dziwe la Nkhalamba ndi pa Sapitwa sitichita phokoso, sitisiya mapepala owala kapena mabotolo, ndipo kamkungudza kakang'ono sitikathyola kuti kakongoletse chithunzi.

Mphunzitsi wa ku Phalombe:
Ine zinandionekera, ndiye ndikulankhula ndi mtima wopwetekabe. Ukwati wathu unali wa m'tchalitchi, koma mawa lake tinapita ndi wojambula wotchipa kukajambulitsa m'munsi mwa phiri la Michesi. Tinamupatsa ndalama yonse tisananyamuke, popanda kulemberana kanthu. Patapita milungu isanu ndi umodzi anatiuza kuti kakhadi kosungira zithunzi kanawonongeka, ndipo anatitumizira zithunzi khumi ndi ziwiri zokha pa WhatsApp, zimene tikazisindikiza pa pepala lalikulu nkhope zimangosweka. Mkazi wanga analira usiku wonse. Kuyambira pamenepo ndinaphunzira kuti makamera a akatswiri amakhala ndi malo a makhadi awiri, kuti chithunzi chilichonse chizilembedwa pawiri nthawi imodzi. Mlongo wanga, kaya musankha wodula kaya wotchipa, mulemberane pangano pa pepala, mupereke gawo lokha la ndalama poyamba, ndipo panganolo linene chiwerengero cha zithunzi, tsiku lozilandira, ndiponso kuti mudzalandira zithunzi zenizeni zazikulu, osati zopanikizidwa za pa foni.

Mbale wa ku Johannesburg:
Ine ndili mbali ya azakhali, ngakhale chifukwa changa n'china. Kuno mwambo wokajambulitsa ku mapiri a Drakensberg ndi wofala, ndipo ndaona anthu akulowa m'ngongole chifukwa cha zithunzi zimene zimayamikiridwa pa Facebook sabata imodzi n'kuiwalika. Inu ndinu anthu okwera mapiri kale, ndipo mosakayika muli ndi anzanu okwera nawo amene ali ndi mafoni a makamera abwino. Ngati mukufuna malo okongola osavutikira, pa phiri la Zomba galimoto imafika pafupi ndi Emperor's View, Williams Falls ndi damu la Mulunguzi, ndipo wojambula wa K800,000 uja akhoza kukujambulani kumeneko tsiku limodzi, agogo ali pomwepo atakhala pampando. K1.7 miliyoni yotsalayo ndi chiyambi cha nyumba.

Wojambula wa ku Zomba:
Achimwene, za phiri la Zomba ndikuvomerezana nanu, ndipo ine ndimajambula kumeneko kawirikawiri. Koma za foni ndikukanirani. Foni imajambula bwino masana, koma m'bandakucha, kuwala kuli kochepa, thambo lowala kumbuyo ndipo mkwati atavala suti yakuda pambali pa diresi loyera, imasankha chimodzi n'kutaya chinacho. Komanso mnzawo amene wakwera nawo amakhala watopa chimodzimodzi ndi iwo, ndipo ntchito ikawonongeka sangamufunse kanthu popanda kuwononga ubwenzi.

Mkulu wa mpingo wa ku Thyolo:
Pali mfundo imene palibe waitchula. Mwana wanga, kodi mukuti ukwati weniweniwo ukadalitsidwire paphiri, kapena zithunzi zokha? Ngati ndinu Akatolika, lamulo la mpingo limafuna kuti ukwati umangidwe m'tchalitchi pokhapokha ngati pali chilolezo cha episkopi, ndipo mipingo inanso ili ndi malongosoledwe ake pa za malo ndi zolengeza. Lamulo la dziko la maukwati la 2015 limazindikira ukwati wa kwa DC, wa mpingo ndi wachikhalidwe, ndipo uliwonse uli ndi njira yake ndi mboni zake. Musapereke ndalama kwa wojambula musanakambirane ndi abusa kapena ansembe anu ndi ankhoswe, kuopa kulipirira mwambo umene sudzaloledwa.

Mkwatibwi wa ku Chilomoni:
Zikomo kwambiri nonse, ndawerenga kawiri uthenga uliwonse. Bambo a ku Thyolo, tinkaganizadi zopempha abusa athu kuti akwere nafe mpaka pa Chambe, koma ndaona kuti tinathamanga. Ukwati udzadalitsidwa m'tchalitchi. Azakhali, mawu anu andilasa mtima, chifukwa agogo anga ali ndi zaka 83 ndipo ndi amene anandilera mayi atamwalira. Komabe ndikupempheni mumve mbali yanga. Phiri limeneli kwa ife si chokongoletsa kumbuyo kwa chithunzi. Tsiku limene tinadziwana ndinabzungunyuka bondo potsika, ndipo mnyamatayo, amene ndinali ndisanamudziwe n'komwe, anandinyamulira chikwama changa pamwamba pa chake mpaka ku Likhubula, akuyenda pang'onopang'ono kumbuyo kwanga maola anayi osadandaula. Ndinamusankha tsiku limenelo, ndipo ndikufuna ana athu adzaone malo ake enieni, osati phiri lina lofikika ndi galimoto.

Azakhali a ku Ndirande:
Ndamva, mwanangu, ndipo nkhani ya chikwamayo yandifewetsa. Koma sindinasinthe pa chinthu chimodzi: munthu wodulayo, ngati ndi katswiri monga mukunenera, ayambe wajambula agogo anu pa chinkhoswe ndi m'tchalitchi. Ngati K2.5 miliyoniyo ndi ya phiri lokha, ndiye kuti mudzafunikanso wojambula wachiwiri wa mu holo, ndipo ndalama yonse idzapitirira K3 miliyoni. Pamenepo ine ndikuti ayi ndithu.

Wolondolera alendo wa ku Likhubula:
Pali njira yochepetsera mtengo popanda kutaya phirilo. Chotsanimo Sapitwa. Mukakwera pa njira ya Chapaluka mumadutsa pa Dziwe la Nkhalamba, mumagona usiku umodzi ku Chambe, m'mawa mumajambulitsa nsonga ya Chambe ili kumbuyo kwanu dzuwa likuiwomba, ndipo madzulo mwatsika. Ndi njira yomweyo ya ku Chambe imene munadziwirana, ndipo mwachotsa tsiku lathunthu la wojambula, la onyamula katundu ndi la chakudya. Abale amene ali ndi mphamvu akhoza kukuperekezani mpaka pa dziwe, poti ndi ulendo wa pafupifupi ola limodzi kuchokera ku Likhubula.

Mkwatibwi wa ku Chilomoni:
Ndamuimbira wojambulayo madzulo ano, bwenzi langa ali pomwepo. Wanditumizira zithunzi za maulendo awiri amene anajambula ku Lichenya ndi ku Thuchila, ndipo wati kamera yake imalemba pa makhadi awiri. Mtengo uja unali wa phiri lokha, monga anaopera azakhali. Tamupempha kuti awerengerenso motere: chinkhoswe kwa amalume ku Chiradzulu, ukwati m'tchalitchi ndi mu holo, kenako usiku umodzi ku Chambe kumapeto kwa Epulo, Sapitwa tamuchotsamo. Wavomera kulemba m'pangano kuti chifunga chikatseka phiri adzakweranso nafe tsiku lina, ife n'kulipira thiransipoti ndi onyamula katundu okha. Mtengo watsopano atiuza Lachisanu. Tagwirizana ndi bwenzi langa kuti ukapitirira K2.5 miliyoni ija titenga wa ku Limbe, ndipo ku Chambe tidzakwera tokha chaka chamawa. Bambo a ku Likhubula, ndikufunseni chinthu chimodzi: kodi onyamula katundu angavomere kunyamula diresi m'bokosi lolimba, kapena tilikulunge m'chikwama?