Atseka msewu wa m'komboni, mazira akusweka: tidutsira kuti?

Wamazira wa ku Mtendere:
Mwaswera bwanji akuluakulu ndi amayi onse a m'gulu lino. Ndithandizeni nzeru. Ine ndimapikula mazira kumsika wa Soweto mu Lusaka muno m'mawa, panjinga, n'kumakasiya m'mashopu ndi m'tuntemba ta ku Kalingalinga ndi Mtendere. Njira yanga ndi yomwe ija: kuwoloka Lumumba ndi Cairo, kukwera mlatho wa Church Road, kutulukira ku Longacres, kenako kutsata Alick Nkhata. Konseko kulibe vuto. Vuto lili kumapeto. Kamsewu kolowa m'komboni, komwe kuli makasitomala anga ambiri, akatseka. Akukumba ngalande mbali zonse ziwiri, pakati athira miyala yophwanya, aika madiramu ndi tepi. Chikwangwani chikuti tizungulire, koma kozungulirako n'komwe maminibasi onse athawira, maenje ndi fumbi zokhazokha. Ndikadutsa pamiyala tayala lakumbuyo likuphwa. Ndikazungulira mazira akusweka. Dzira losweka wogula salipira, limakhala langa. Inu amene munadutsamo m'zotere, munkatani?

aPhiri a malasha, Chawama:
Walira mvula walira matope, mwana wanga. Si ife tinkadandaula kuti m'makomboni mulibe tala? Koma ndikufunse kaye: pamene atsekapo n'patali bwanji? Ngati munthu woima mbali ino akumuona mnzake mbali inayo, usamazungulire. Tsika, kankha. Chikwangwani chija anaikira agalimoto, chifukwa galimoto singanyamulidwe. Iwe ukatsika panjinga ndiwe woyenda pansi, ndipo anthu okhala mumsewumo amadutsa ndithu, sanawatsekere m'nyumba.

Wamazira wa ku Mtendere:
Si patali ayi bambo, mwina ngati mabwalo awiri a mpira. Koma kuti ufike kumashopu uyenera kuwoloka ngalande, ndipo aikapo thabwa limodzi basi. Ana asukulu akudutsa bwinobwino. Ine ndi mathireyi khumi ndi awiri kumbuyo ndikuopa.

aPhiri a malasha, Chawama:
Ukuopa zoona. Pathabwa ndi katundu usayerekeze.

Makanika wa njinga, Kalingalinga:
Achimwene, ndiyambe ndi za tayala chifukwa ndiyo ntchito yanga. Mukatulutsa chubu chophwacho muchiyang'ane bwino musanamate. Ngati bowo ndi limodzi ndipo lili kunja, mwabayidwa ndi kamwala kakuthwa kapena kawaya. Pamalo omanga ngalande pamakhala tizidutswa ta waya womangira zitsulo, tating'ono kwambiri, timabisala m'tayala. Yendetsani chala pang'onopang'ono m'kati mwa tayala, apo ayi mumata lero, mawa laphwanso. Koma ngati mabowo ndi awiri oyandikana, aatali pang'ono, si chobaya chimenecho. Ndi limu yomwe yatsina chubu pamene munagunda mwala, ndipo chifukwa chake ndi mpweya wochepa.

Ndikuganiza kuti anu ndi awiriwo. Anyamata a mazira nonse mumakonda kuchepetsa mpweya kuti njinga izifewa, ndimakuonani. Patala zimatheka. Pamiyala yophwanya, ndi katundu kumbuyo, mukupha chubu.

Wamazira wa ku Mtendere:
Ndachiona chubu cha dzulo, mabowo ndi awiri. Koma akulu, ndikapopa kwambiri njinga imadumphadumpha, ndiye mazira aja?

Makanika wa njinga, Kalingalinga:
Kufewako musakufune m'tayala lakumbuyo, kufuneni pansi pa mathireyi. Lakumbuyo popani lilimbe, lakutsogolo ndiye mungalisiye lofewerako chifukwa silisenza zambiri. Pakeriya ikani thabwa lafulati, pamwamba pake chidutswa cha matilesi akale, kenako mathireyi. Pamwamba penipeni vundikirani thireyi yopanda kanthu ndi kathabwa kena, kuti malegeni azikoka thabwalo osati mazira. Mumange mopingasa, molimba ndithu. Dzira silisweka chifukwa chopanikizidwa bwino m'thireyi, limasweka likamagwedera n'kumagundana ndi linzake.

Chinanso, tengani chubu chakale, dulani valavu, ching'ambeni m'litali mwake, muchiyale m'kati mwa tayala musanalowetse chubu chatsopano. Njinga imalemererako pang'ono koma tiwaya tija sitifika msanga. Masipoko akumbuyo muwagwiregwire madzulo alionse. Limodzi likaduka, anzake amatsatira.

Amake Dalitso, ndiwo zamasamba, Chilenje:
Zimene anena amakanika n'zoona. Ndionjezere za mathireyi: apepala akanyowa kapena akakalamba amafooka, nsonga zake zimaphwanyika ndiye kulemera konse kumagwera pa dzira. Osamaumira thireyi achimwene. Ndipo dzira liziima kosongoka kuli pansi.

Koma ine funso langa ndi lina. N'chifukwa chiyani mukufuna kuti njinga ifike pakhomo la shopu iliyonse? Ife atakumba mapaipi kwathu kuno, ndinagwirizana ndi azimayi ogula kuti tizikumana mbali ino ya dzenje. Ndikanyamuka ndimaimba, ndikafika ndimapeza ana ali ndi mabeseni. Thireyi imodzi ya mazira 30 mwana wamkulu awoloka nayo pathabwa popanda vuto.

Mnyamata wa delivale, Kabwata:
Amayi, zimenezo zimatheka kwa inu amene makasitomala anu ndi omwewo tsiku ndi tsiku. Ife a maoda a pafoni kasitomala amafuna chakudya pageti, ndipo mapu amakulondolera njira yotsekedwa ngati kuti kulibe chilichonse. Misewu ikuluikulu nthawi zina imaoneka kuti yatsekedwa, koma tam'komboni ayi. Ine ndimangokwera m'mbali mwa ngalande n'kuthamanga, woimika mbendera akamakuwa ndapita kale.

aPhiri a malasha, Chawama:
Iwe mnyamata, zimenezo usaphunzitse anzako. Wambendera uja ndi amene akudziwa kuti tipa ikubwerera chakumbuyo nthawi yanji. Komanso ukamudelera lero, mawa kapitawo alamula kuti njinga zonse zisadutse, tivutike tonse chifukwa cha iwe.

Ine ndapalasa mu Lusaka muno kuyambira kale. Pamene ankamanga milatho ya ku Makeni, Arcades, Munali ndi Longacres, zaka za pakati pa 2018 ndi 2021, njira zinkasintha pafupipafupi, lero wadutsa apa, sabata yamawa apatseka. Chimene chinkandithandiza si liwiro. Ndinkatsika patali, kupereka moni, kufunsa kuti “bwana, wanjinga adutsire pati lero?” Anthu aja ndi aganyu ngati ife tomwe, ambiri ndi a m'makomboni momwemo. Ukawalemekeza amakuuza zimene chikwangwani sichinena: kuti mawa athira tala, kuti nthawi ya nkhomaliro makina amaima, kuti kuseri kwa tchalitchi kuli kanjira.

Ndipo za tipa ndinene pano kuti onse amve. Kuno dalaivala amakhala kumanja, ife timapalasa kumanzere kwenikweni kwa msewu. Ukakhala pafupi ndi tayala lake lakumanzere sakuona. Akamakhotera kumanzere, matayala akumbuyo amadula kona, amadutsa pomwe iwe waima. Pamalo a ntchito palibe kothawira chifukwa mbali inayo ndi ngalande. Tipa ikhale patsogolo pako, udye fumbi lake, basi.

Mnyamata wa delivale, Kabwata:
Ndamva mudala. Koma nthawi imatiwerengera ife.

Amake Dalitso, ndiwo zamasamba, Chilenje:
Imbira kasitomala usananyamuke, umuuze kuti msewu wake watsekedwa, atuluke akuchingamire pamadiramu. Iye akudziwa kale, si amakhala komweko? Amene amakwiya ndi amene sanauzidwe.

aTembo, wonyamula buledi, Matero:
Moni nonse. Ndachedwa kulowa, ndinali pa ntchito. Ine ndinagwirapo ganyu ya misewu ndisanagule njinga, ndiye ndikuuzeni achimwene a mazira zimene zikubwera, chifukwa miyala mukuidandaulayo si mapeto.

Akamaliza kusalaza ndi kutsindira, amathira madzi ndi bauza, galimoto ya thanki ija, kuti dothi ligwirane komanso fumbi lichepe. Dothi lofiira likanyowa pamwamba pokha limaterera koopsa, makamaka mukagwira buleki yakutsogolo. Pambuyo pake amapopera phula lamadzimadzi lakuda, lija limanunkha parafini. Limenelo musalipondepo ngakhale pakuoneka kuti palibe munthu. Limamatirira kumatayala, matayala n'kumatola timiyala tonse ta m'njira. Likafika pa limu, kwa inu a mabuleki a mphira, buleki imasiya kugwira bwino mpaka mutatsuka ndi parafini. Komanso mukasiya mzere wa tayala pamenepo mwawaonongera ntchito, ndipo m'pamene amayamba kutithamangitsa.

Msewu akautsegula musasangalale msanga. Timiyala totsala magalimoto amatikankhira m'mphepete, momwe timapalasa ifeyo. Masiku oyamba pakona muzipita pang'onopang'ono.

Za thabwa lija, pali chochita. Pamene ntchito yayambira pamakhala chikwangwani chachikulu cholembedwa mwini ntchito, kontilakita ndi injiniya woyang'anira. Muchijambule. Misewu ikuluikulu ngati Great East ndi Kafue Road ili m'manja mwa bungwe la boma loona za misewu la RDA, koma tam'komboni kawirikawiri ndi nkhani ya khonsolo, ndiye khomo lapafupi ndi khansala wa wadi ndi komiti ya chitukuko ya wadi. A RTSA ndi a chitetezo cha pamsewu ndi malaisensi, sakumba ngalande, musataye nthawi kumeneko pa nkhani ya thabwa. Koma musanapite kutali konseko yambani ndi kapitawo. Matabwa a shatalingi, otchingira konkire akamathira, amakhala nawo pomwepo. Kuika atatu mogundizana n'kuwakhomerera sizimutengera nthawi. Musapite nokha. Tengani eni mashopu awiri ndi mayi mmodzi wa mwana wa sukulu. Wanjinga yekha amaoneka ngati akudandaula za bizinesi yake, koma pakakhala nkhani ya ana kugwera m'ngalande amamva msanga.

Makanika wa njinga, Kalingalinga:
ATembo anena zenizeni za limu. A njinga za Buffalo muli ndi mwayi pamenepo chifukwa buleki yanu ili m'habu, mumaponda chobwerera. Koma musanyengeke ndi zoti keriya yake imasenza makilo 100. Keriya isenza, thabwa la pangalande silinalonjeze zimenezo.

Wamazira wa ku Mtendere:
Zikomo kwambiri nonse. Nanga mtengo? Ndikawauza kuti ndionjezako pang'ono pa thireyi chifukwa cha msewu, akuti akagula kwa a galimoto ya kanta amene amabwera Lachiwiri.

Amake Dalitso, ndiwo zamasamba, Chilenje:
A kantawo alowera pati msewu uli wotseka? Achimwene, ino ndi nthawi yanu. Galimoto iima kutali, inu mufika pamadiramu penipeni. Mtengo wa thireyi musaukhudze, anthu amakumbukira amene anawakwezera pa nthawi ya mavuto. Muwauze chonchi: wotumiza mwana kudzatenga pamadiramu, mtengo ndi womwewo. Wofuna kuti zifike pashopu, alipire wawilibala. Asankhe okha.

aTembo, wonyamula buledi, Matero:
Eya, ma Zamcab, mawilibala onyamula katundu aja, sali ku Soweto kokha, m'komboni muli anyamata a mawilibala otunga madzi. Gwirizanani ndi mmodzi wokhulupirika wa tsidya linalo. Koma mazira pawilibala ayalirenso matilesi, chifukwa wilibala ilibe chifundo.

aPhiri a malasha, Chawama:
Ine wilibala pa mazira sindikuvomereza. Anyamule pamanja, mathireyi atatu atatu. Komanso aliyense akumbukire kuti mvula ikayamba mu Novembala ngalande zosamalizazo zimadzaza, madzi amafanana ndi msewu, sudziwa pamene pali dzenje. A ku Kanyama akudziwa zimene ndikunena. Madzi amene sukuona pansi pake usapalasemo, tsika, tsogoza tayala lakutsogolo. Ndipo amene mumanyamuka kusanache, tochi ndi chovala chonyezimira. Tepi ija ana amaichotsa masana kukaseweretsa, usiku dzenje limakhala pululu.

Mnyamata wa delivale, Kabwata:
Pempho langa: amene wapeza msewu wotseka azilemba muno m'mawa, dzina la malo ndi chithunzi, anenenso ngati wanjinga angakankhe kapena ayi. Zina timazidziwiratu. Pa 25 Meyi ndi pa 24 Okutobala ku Independence Avenue cha ku Freedom Statue kumakhala mwambo, amatseka. Nthawi ya Show, chionetsero cha zaulimi ndi malonda chija, kumayambiriro kwa Ogasiti, Great East cha ku Showgrounds sikuyendeka. Ochokera ku Soweto mukumbukire kuti milatho yodumpha njanji m'tauni ndi itatu, wa Independence, wa Church Road ndi wa Great East. Umodzi ukavuta magalimoto onse amathira pa iwiri inayo, ndiye masiku amenewo kulawira.

Wamazira wa ku Mtendere:
Ndabweranso akuluakulu kudzanena m'mene zayendera. Matilesi ndi kathabwa kapamwamba ndaika, lakumbuyo ndapopa molimba, pamiyala ndikukankha. Lero sipanasweke ngakhale limodzi ndipo tayala lili bwino. Kwa kapitawo tinapita ndi eni mashopu ndi amayi ena a pafupi. Watilandira bwino, waika matabwa atatu, koma sanawakhomerere, akuti amawafuna masana pothira konkire ndiye aziwachotsa ikakwana 10 koloko. Kwa ine zili bwino chifukwa ndimafika isanakwane 8. Ana obwera kusukulu masana abwerera pathabwa limodzi lija, amayiwo akuti apita kwa khansala.

Makasitomala ambiri avomera kutumiza ana. Mmodzi wakana, akuti iye si wonyamula katundu, ndamusiya kaye. Wambendera wandinong'oneza kuti sabata yamawa ayamba kukumba mbali ya kumsika, ndiye a tomato ndi a malasha olowera kumeneko konzekani. Amakanika, mawa masana mudzakhalapo? Sipoko imodzi yakumbuyo ikulira.

Makanika wa njinga, Kalingalinga:
Ndidzakhalapo. Mubwere mutatsitsa katundu, ndipo mutenge chubu chakale chija tidzayale m'tayala.