Phala la oats kwa munthu wa shuga: atate ndiwaphikire bwanji?

Wachisamba wa ku Kapata

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa amene muli ndi matenda a shuga ndi amene mukusamala odwala. Atate anga ali ndi zaka 68. Anawapeza ndi shuga chaka chatha, atayamba kudzuka usiku pafupipafupi kukataya madzi, ludzu losatha, thupi nalo likungotha. Akumwa mankhwala a shuga otchedwa metformin m'mawa ndi madzulo. Ndinakawatenga kumudzi ku Vubwi, tsopano tili nawo kuno ku Chipata, ndipo wowaphikira ndine.

Nkhomaliro ndi mgonero sizikundivuta kwenikweni. Mitanda ya nsima tinachepetsa, ndiwo zamasamba tinachulukitsa, iwonso anavomera. Chandiimika mutu ndi chakudya cha m'mawa. Moyo wawo wonse atate akadzuka ndi tiyi wa masupuni atatu a shuga, pambali vitumbuwa kapena mbatata mbale yodzaza. Kuchipatala anatiuza kuti zimenezo zithe, ndipo pa zakudya zomwe anatchula panali oats. Mlongo wanga wa ku Lusaka atamva, anatumiza pa basi bokosi la timapaketi tija tongothira madzi otentha, tina tonunkhira maapozi, tina totsekemera ngati maswiti. Atate anatikonda zedi. Koma nditawayeza patapita maola awiri atadya, kamakina koyezera shuga kanaonetsa 13.4, chonsecho asanadye kanali pa 7. Mtima unandigunda.

Ndiye ndithandizeni. Kodi oats ndi wabwinodi kwa munthu wa shuga, kapena ndi nkhani zam'tauni chabe? Ngati ndi wabwino, ndigule uti ndipo ndiphike wochuluka bwanji? Phala lopanda shuga atate amangolawa kawiri n'kukankha mbale, amati lilibe mutu. Akadya pang'ono, ikamakwana 10 koloko ayamba kale kudandaula njala, ndipo ndimaopa kuti tsiku lina adzatuma mdzukulu kukawagulira mabanzi mobisa. China n'chakuti oats ndi wodula, ine ndimangogulitsa zovala za salaula. Kodi phala la mgaiwa silingalowe m'malo?

Mphunzitsi wopuma, Katete

Mayi, choyamba ndikuthokozeni posamala bambo wanu. Ine shuga ndakhala naye zaka zambiri, ndipo phala la oats ndimadya pafupifupi m'mawa uliwonse. Ndikuuzani mmene ndimachitira.

Timapaketi tonunkhirato tisiyeni. Tembenuzani bokosilo muwerenge pamene alemba zimene aikamo, mupeza shuga ali pamndandanda. Gulani oats wamba, uja wamasambamasamba wofuna kuphika pamoto, monga Jungle Oats ya m'bokosi imene imapezeka ku Shoprite komweko ku Chipata. Pamndandanda wa zimene aikamo pazikhala oats basi.

Ndili ndi kapu yanga ya tiyi imene ndinaipatula. Oats wouma ndimathira theka la kapuyo, osapitirira, ngakhale mtima ufune bwanji. Madzi ndi kapu imodzi ndi pang'ono, kamchere kotsina ndi zala. Likayamba kubwata ndimathira nsinjiro masupuni aakulu awiri, n'kutakasa kwa mphindi zitatu kapena zinayi, kenako n'kuphula. Sindilisiya pamoto mpaka lisungunuke, ndimafuna likhale loti mano agwireko ntchito. Nsinjiro ndi imene imapatsa phala mutu umene bambo wanu akuufunawo. Ndimakazinga pang'ono mtedza wa Chalimbana ndisanasinje, fungo lake lokha limakwanira kuiwalitsa shuga. Pambali dzira limodzi lowiritsa ndi tiyi wopanda shuga. Nyengo ya mapeyala ndimadya theka la peyala m'malo mwa dzira. Ndikadya choncho ndimafika nthawi ya nsima osamva njala yonjenjemeretsa.

Ndikamaliza sindikhala pampando. Ndimatenga ndodo n'kuyenda mpaka kumsewu waukulu ndi kubwerera, mphindi khumi ndi zisanu. Masiku amene ndayenda ndi amene ndangokhala, kamakina kamasiyanitsa.

Za lilime musade nkhawa, limazolowera. Milungu yoyamba tiyi wopanda shuga ankandiwawa ngati mankhwala, lero wina akandithirira shuga mwangozi ndimalephera kumwa. Koma pali chinthu chimodzi ndikupempheni ngati kholo. Musawapatse bambo phala lawo pakona, inu ndi ana muli pa mabanzi ndi tiyi wotsekemera patsogolo pawo. Munthu wamkulu zimamupweteka mumtima, ndipo mabanzi obisa aja amayambira pamenepo. Ngakhale masiku ena okha, idyani nawo phala lomwelo.

Namwino wa pakiliniki, Chipata

Achemwali, aphunzitsi anena zoona. Ndiwonjezereko chifukwa chake, kuti muzitha kuweruza nokha mukaima m'shopu.

Oats si mankhwala, ndipo satsitsa shuga. Ndi chakudya cha sitachi ngati chimanga, chikalowa m'mimba chimasanduka shuga. Ubwino wake uli pa kuterera kuja mumakuona mukaphika, kokhala ngati therere. Kumachokera ku chinthu chotchedwa beta-glucan. Chimenechi chimachititsa kuti chakudya chichedwe kuchoka m'mimba, shuga n'kumalowa m'magazi pang'onopang'ono, ndipo chimathandizanso kutsitsa kolesitero, mafuta a m'magazi. Koma oats akamuphikiratu kufakitale n'kumuphwanya kwambiri kuti azipsa ndi madzi otentha okha, thupi limamugaya msanga. Pali muyeso wotchedwa glycaemic index, umene umaonetsa liwiro limene chakudya chimakwezera shuga, shuga wa mtundu wa glucose weniweni ali pa 100. Phala la oats wamba limakhala cha pa 55, la oats wongothira madzi cha pa 79, cornflakes cha pa 81. Ndiye timapaketi tija tili ndi mavuto awiri, kugayika msanga ndi shuga wothiriratu. 13.4 ija isakudabwitseni.

Muyeso nawo ndi nkhani yaikulu. Theka la kapu la oats wouma ndi magalamu pafupifupi 40, ndipo muli sitachi wokwana magalamu pafupifupi 23. Nthochi imodzi yapakatikati ili ndi shuga ndi sitachi wofika pafupifupi pomwepo, choncho mukaduliramo yonse ndiye kuti mwawapatsa mbale ziwiri. Kapu ya mkaka imawonjezera magalamu 12. Supuni yaing'ono ya shuga ndi magalamu 4. Dzira, peyala ndi mtedza siziwonjezera shuga kwenikweni, koma zimakhalitsa m'mimba, n'chifukwa chake aphunzitsi samva njala. Mukafuna chipatso, gwafa mmodzi kapena theka la nthochi yosapsetsa zakwana. Zoumba zamphesa zija ena amathira mu oats, ayi.

Kwa akuluakulu ambiri odwala shuga timafuna kuti asanadye akhale pakati pa 4.4 ndi 7.2, ndipo patapita maola awiri chiyambire kudya akhale pansi pa 10. Kwa okalamba dokotala nthawi zina amaika malire ena, ndiye mukafunse a bambo wanu. Masitiripi oyezera magazi m'kamakina ndi odula, ndikudziwa. Musayeze tsiku lililonse. Yezani tsiku limene mwasintha chinthu, asanadye ndi pambuyo pake, n'kulemba m'kope chimene anadya ndi nambala yake. Matupi amasiyana. Alipo amene oats wamba amawakwezerabe shuga, ndipo oterowo timawauza kuti achepetse muyeso kapena asinthe chakudya. Kopelo muzipita nalo tsiku la kiliniki.

Metformin azimwa pamodzi ndi chakudya kuti asawavute m'mimba. Payekha sakonda kugwetsa shuga mopitirira. Koma ena owerenga pano akumwa mankhwala a shuga otchedwa glibenclamide kapena akubaya jakisoni wa insulin. Inuyo musachepetse chakudya cha m'mawa mwadzidzidzi osauza achipatala, ndipo musamwe mankhwala n'kudumpha kudya. Munthu akayamba kunjenjemera, thukuta, chizungulire, kapena kamakina kakaonetsa pansi pa 3.9, mpatseni masupuni aang'ono atatu kapena anayi a shuga m'madzi, muyezenso pakapita mphindi 15. Ngati wakomoka musamuthire kanthu m'kamwa, thamangirani naye kuchipatala. Choncho shuga asasowe m'nyumba, angochoka patebulo.

Komanso ngati anakuuzani kuti impso za bambo zafooka, mukafunse kaye za mtedza, mapeyala ndi nthochi musanawazoloweze.

Mlimi wa ku Chadiza

Ine ndilankhuleko za ife amene Shoprite timaiona kamodzi pachaka. Amuna anga ali ndi shuga, ndipo oats wolowa m'nyumba mwathu ndi amene mwana wabweretsa pa Khirisimasi. Akatha watha. Zimandipweteka ndikamva anthu akulankhula ngati wodwala shuga wakumudzi alibe chake chifukwa sangagule chakudya cha m'bokosi chochokera ku South Africa.

Mwafunsa za mgaiwa, mwana wanga. Phala la ufa woyera, uja wa breakfast kapena wokonola n'kuviika, limenelo ndinasiya kuwaphikira. Gaga yense anachoka, ndipo akadya sipatenga nthawi njala yabweranso. La mgaiwa ndimaphika, koma kuchigayo ndimapempha kuti asalalitse kwambiri, ndipo ndimasakaniza ndi ufa wa soya wokazinga ndi nsinjiro. Mbale ndi yaing'ono, ija ya ndiwo. Ndikapeza mapira pamsika ndimaphika athunthu ngati mpunga, n'kuthira nsinjiro. Amatenga nkhuni zambiri, ndiye ndimaviika usiku.

Koma chimene chimawakhalitsa bwino kuposa zonse si phala ayi. Ndi nyemba kapena khobwe wotsala dzulo, kutenthetsa, pambali nkhwani wotendera ndi kachidutswa kamodzi ka mbatata yowiritsa. Poyamba ankaseka kuti ndani amadya ndiwo m'mawa. Pano amachita kufunsa okha, chifukwa akadya zimenezo amalima mpaka dzuwa lifike pamutu. Mbatata musawaletse atate anu kotheratu, munthu anakulira zomwezo. Ichoke pa mbale yodzaza ifike pa kachidutswa.

Za mtedza ndichenjezeko, poti tonse tikuutama. Sankhani musanasinje. Wofota, wobooka, wakuda kapena wa chuku tayani, musaumire. Chuku cha mtedza chili ndi poizoni wowononga chiwindi, ndipo kukazinga sikumuchotsa. Nsinjiro yogula yosinjasinja simudziwa kuti anasinja mtedza wotani. Kuno kum'mawa mtedza ndi wathu, gulani wamakoko musende nokha. Chiponde cha m'botolo nachonso muziwerenga, china amathiramo shuga.

Wachisamba wa ku Kapata

Zikomo kwambiri nonse, mwandimasula. Aphunzitsi, mawu anu a mabanzi patebulo andilasa, ndikambirana ndi ana. Amayi a ku Chadiza, za khobwe m'mawa atate akondwa nazo, ndikuwadziwa. Anamwino, ndifunseko ziwiri. Azakhali anga akuti m'malo mwa shuga ndizithira uchi poti ndi wachilengedwe, ndipo abweretsa kale botolo. Komanso atate amakonda thobwa, amati si chakudya, ndi madzi chabe. Ndiwayankhe bwanji?

Namwino wa pakiliniki, Chipata

Uchi ndi shuga ndithu, achemwali. Pa muyeso wa glycaemic index uja uli cha pa 61, shuga wa m'paketi cha pa 65, kusiyana kwake n'kochepa. Shuga wabulauni ndi chimodzimodzi. Azakhali muwathokoze, botololo lisungidwe kuti lidzathandize tsiku limene shuga wagwa. Mukafuna kukometsa phala, thirani sinamoni pang'ono kapena supuni ya ufa wa malambe kuti liwawasire, kapenanso mkaka wowawasa wopanda shuga masupuni angapo. Izi n'zokometsera chabe, mankhwala asasiye.

Thobwa, maheu ndi munkoyo ndi ufa wophika, chimera kapena mizu ya munkoyo zimasandutsa sitachi kukhala shuga, ndipo ambiri amathiramonso shuga wina. Chakumwa chimalowa m'magazi msanga kuposa chotafuna, ndiye chikho cha thobwa pambuyo pa phala chimafafaniza zonse mwakonza. Mukakhala pamwambo, monga ku Kulamba kapena paukwati, alaweko theka la kapu atadya kale ndiwo, osati m'mimba muli pululu.

Zimene anena amayi a ku Chadiza ndikugwirizana nazo, makamaka za nyemba ndi khobwe, chifukwa zili m'gulu la zakudya zokweza shuga pang'onopang'ono kwambiri. Ndingowonjezera kuti mgaiwa, mapira kapena mawere zikagayidwa kukhala ufa wosalala n'kuphikidwa phala lamadzimadzi, zimakwezabe shuga msanga ndithu. Buledi wabulauni nayenso sasiyana kwenikweni ndi woyera pa liwiro limeneli. Choncho lililonse mwa maphalawa likhale lolimbirako, mbale yaing'ono, nsinjiro kapena dzira pambali. Sabata ino yesani oats wamba tsiku lina, mgaiwa wa soya tsiku lina, khobwe tsiku lina, muyeze lililonse, ndipo manambalawo mukawaonetse adokotala awo.