Thandizeni abale: apongozi anga ku Spain alibe khadi la chipatala, tiyambire pati?

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa amene mukudziwa za mapepala a anthu opuma ntchito a ku Britain okhala kunja.

Ine ndimakhala ku Leicester, amuna anga ndi mbadwa ya konkuno. Makolo awo anasamukira ku Spain mu 2016, dera la Torrevieja kufupi ndi Alicante. Pa nthawiyo anali asanafike msinkhu wolandira penshoni ya boma, choncho anagula inshulansi ya chipatala cholipira n'kupatsidwa kapepala kobiriwira kosonyeza kuti ndi okhazikika. Zonse za mapepala ankayendetsa ndi apongozi aamuna, ndipo anatisiya chaka chatha. Apongozi aakazi ali ndi zaka 70, penshoni ya ku UK amalandira, koma Chisipanishi sayankhula kupatula moni ndi zikomo.

Vuto ndi fupa la m'chiuno. Tinawapeza akukwera masitepe chokhala, akudzikoka ndi manja, kenako n'kumatiuza kuti "ndili bwino ana anga". Dokotala akuti pakufunika opaleshoni, a inshulansi akuti matendawo ndi akale, sawalipira. Tafufuza mu bokosi la mapepala la malemu, tapeza kapepala kobiriwira kaja, makalata a penshoni ndi khadi la GHIC (khadi la ku UK lothandizira kuchipatala munthu akakhala pa ulendo kunja). Khadi la chipatala cha boma cha ku Spain mulibe. Dzina la amayiwo likadali kwa GP (dokotala wa m'dera) wa ku England pa adiresi ya mchemwali wawo.

Amuna anga akuti tingowakweza ndege abwere adzachitidwe opaleshoni ku NHS (zipatala za boma za ku UK), poti anadula msonkho moyo wawo wonse. Ine mtima sukuvomera. Kodi n'zololedwa? Nanga S1 imene ndikumva ikutchulidwayi timaipeza kuti? Kapepala kobiriwirako kakugwirabe ntchito?

Mayi wina wa ku Luton: Pepani ndi zovutazi achemwali. Ndimagwira ntchito m'chipatala, ndiye ndikuuzeni mosabisa: auzeni alamu athuwo kuti NHS siyang'ana pasipoti kapena msonkho umene munthu anadula kale. Imayang'ana kumene munthu akukhala. Amayiwo amakhala ku Spain, ndiye adiresi ya mchemwali wawo siwathandiza, ndipo zikadziwika bilu imabwera. Kwa GP ndi ku A&E (kolandirira odwala mwadzidzidzi) n'kwaulere kwa aliyense, koma akangowagoneka m'wodi nkhani imasintha. Wopanda chomuteteza amalipitsidwa 150 peresenti ya mtengo wa NHS.

Bambo wina wa ku Valencia: Mayi, nkhani yanu ndi yosavuta kusiyana ndi mmene mukuionera. Apongozi anu ndi oyenera S1 kuyambira tsiku limene anayamba kulandira penshoni ya boma la UK. S1 ndi kalata yonena kuti boma la UK lizilipira chithandizo chawo ku Spain, iwo azithandizidwa ngati nzika ya kuno yopuma ntchito. Imaperekedwa ndi a Overseas Healthcare Services, nthambi ya NHS Business Services Authority. Muwaimbire muli ndi National Insurance number ya amayiwo, ndipo eni akewo akhale pafupi chifukwa adzafuna kumva mawu awo.

Apa ndi pamene ambiri amaphonya: kalatayo ikafika siigwira ntchito ili m'kabati. Muyenera kukailembetsa ku INSS, ofesi ya boma ya kuno yoona za penshoni ndi chisamaliro cha anthu. Mutenge pasipoti, chikalata chokhalira m'dziko, ndi padrón, kalata ya ku khonsolo yotsimikiza kumene munthu akukhala. Katengeni yatsopano, chifukwa maofesi ambiri safuna yopitirira miyezi itatu. A INSS akavomereza, mupita ku centro de salud (chipatala chaching'ono cha boma) ya m'dera lawo kukapempha tarjeta sanitaria (khadi la chipatala cha boma), ndipo adzapatsidwa dokotala wawo. Matenda akale si nkhani ku chipatala cha boma. Mankhwala a ku famase opuma ntchito ambiri amalipira 10 peresenti yokha, ndipo pali malire a pamwezi. Mzere wa opaleshoni ya chiuno ulipo ndithu, choncho musachedwe.

GHIC ija aisiye. Ndi ya mlendo wongocheza, osati wokhazikika.

Wofunsa: Zikomo kwambiri bambo, mwandimasula. Ndiye kubwera ku England n'kosatheka?

Mayi wa ku Luton: N'kotheka S1 ikalembetsedwa. Amene ankakhala kale ku EU (mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya) pofika pa 31 December 2020 ndipo ali ndi S1 yolembetsedwa salipira NHS akabwera kudzacheza ku England. Apongozi anu ali m'gulu limeneli. Koma kunonso kuli mzere wautali, musaganize kuti akangotsika ndege alowa m'thiyeta. Njira ina ndi kubwerera kwathunthu. Akatero amayenera NHS nthawi yomweyo, bola asonyeze kuti abweradi kudzakhala. Komatu chisankho chimenecho ndi cha eni ake, musawapangire. Manda a amuna awo ali komweko.

Bambo wa ku Valencia: Za kapepala kobiriwira, m'kati mwa Spain kakadali kovomerezeka, koma pa malire kakuvuta. Makina atsopano a EES, olemba alendo olowa ndi otuluka pa malire, amene anayamba mu October 2025 sakadziwa, ndiye akhoza kuwerengedwa ngati mlendo wololedwa kukhala masiku 90 okha pa masiku 180 aliwonse. A kazembe wa Britain akhala akulimbikitsa anthu kusinthira ku khadi la TIE, chiphaso cha alendo okhazikika ku Spain. Mumapempha cita previa (tsiku lokaonekera ku ofesi) pa intaneti, kulemba fomu EX-23, kulipira ndalama za khadilo ku banki pa fomu ya modelo 790, n'kupita ku Policía Nacional kukadinda zala. Poti akhala zaka zoposa zisanu, ayenera kupatsidwa khadi lachikhalire la zaka 10. Kupeza tsiku n'kumene kumavuta. Zikakukanikani lembani gestor, munthu amene mumamulipira kuti akuyendetsereni mapepala, anthu ake amadziwa mmene angayendetsere.

Chinanso konzekerani: m'zipatala za kuno achibale ndi amene amagona ndi wodwala, kumudyetsa ndi kumutembenuza, chimodzimodzi gadiyani wa kwathu. S1 silipira wosamalira pakhomo.

Mnyamata wina wa ku Manchester: Ndingowonjezera kwa akuluakulu athu amene muli ndi pasipoti ya Britain ndipo mukulota zokapumira kumudzi. S1 imagwira ku EU ndi mayiko ochepa oyandikana nawo ngati Switzerland ndi Norway. Ku Malawi kulibe. Penshoninso ku Spain imakwera chaka chilichonse, pomwe ku Malawi, Zambia kapena South Africa imaima pamene inali tsiku limene munasamuka.

Wofunsa: Ambuye akudalitseni nonse. Mawa tiimba za S1, ndipo ndiwafunsa amayi modekha kumene mtima wawo uli. Gadiyani ndikhala ine, chifukwa amuna anga sangasiye ntchito nthawi yaitali. Koma ndili ndi pasipoti ya Malawi, ndiye ndikufunika viza ya Schengen, yolowera ku Spain ndi mayiko ena a ku Ulaya. Alipo amene anapemphapo viza pa chifukwa chosamalira wodwala? Anakufunsani makalata anji, ndipo kalata ya dokotala wa ku Spain inathandiza?